Ku Mangalande lamulo limalondera nyumba ya mlimi, ife ya anganga tikuti igwe

Foni idalira m'bandakucha wa Lachiwiri ndili mtulo komwe ndimachita lendi ku Bangwe. Adali mayi akuimba kuchokera kumudzi, ndipo sadataye nthawi ndi malonje.

"Achimwene ako a ku Joni atumiza ndalama. Akuti nyumba ya anganga ako igwetsedwe, pamalopo pamangidwe ya mabuloko ndi malata. Amisiri ayamba mwezi uno ukatha."

Ndidangoti "chabwino amayi" ngati nkhaniyo siyikundikhudza, koma tulo tidathera pomwepo. Nyumba imeneyi, inu awerengi, ndi momwe mayi adakhalamo chikuta nditabadwa ine. Mchombo wanga udagwera momwemo. Ili m'mudzi wina kufupi ndi Chiponde, m'malire a dziko lino ndi Mozambique, ndipo yatha zaka 50 ili chilili.

Mwina ndikadangoti izi n'za eni ndalama, pakadapanda chithunzi china chomwe chidali m'foni mwanga. Msuweni wanga amagwira ntchito yosamalira nkhalamba m'mudzi wina ku Mangalande. Sabata yomweyo adanditumizira chithunzi cha nyumba ya mlimi yomwe amadutsapo popita kuntchito: denga la udzu, zipupa zopaka laimu, mitengo yakuda ikuonekera m'khoma, timawindo ting'onoting'ono ngati ta khola la nkhunda. Adandiuza kuti nyumbayo yapitirira zaka 300, ndipo mwini wake sangasinthe ngakhale windo limodzi popanda chilolezo cha khonsolo. Akangoyerekeza, mlandu.

Ndidaseka ndekha pamphasa. Eti azungu omwe adatiphunzitsa kuti denga la udzu ndi chizindikiro cha umphawi, kwawo denga lomwelo likulonderedwa ndi lamulo! Ndidanyamula kachikwama, kope ndi tepi yoyezera yomwe ndidabwereka kwa kalipentala woyandikana naye nyumba. Ulendo wa ku Chiponde.

Njira ya ku malire

Wochokera ku Blantyre akafika pa Liwonde amakhala ndi njira ziwiri. Akhoza kukhota n'kudzera ku Ntaja ndi Nselema, kapena kuwoloka Shire n'kupitirira mpaka pa boma la Mangochi, kenaka n'kukwera mapiri. Ine ndidasankha yachiwiriyi chifukwa ndinkafuna ndione kaye zakale zomwe ife timasunga.

Pa Mangochi sungasochere. Pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi pali nsanja ya njerwa ya wotchi, yomwe atsamunda adamanga mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria yemwe adamwalira mu 1901. Chapomwepo pali mfuti yaikulu yochokera m'sitima ya Guendolen, yomwe idawombera ndi kuwononga sitima ya Majeremani pa nyanja yathu mu Ogasiti 1914. Palinso chikumbutso cha anthu 145 omwe adamira ndi sitima ya Vipya mu 1946. Nyumba yosungiramo zakale ya Lake Malawi Museum kale idali kalabu ya azungu, nthawi yomwe tauniyi inkatchedwa Fort Johnston.

Zonsezi ndi mbiri yathu ndithu, sindikukana ayi. Koma ndidazungulira ponsepo osaona chokumbutsa nyumba yomwe munthu wamba ankagonamo.

Tsidya la mlatho ndidakwera minibasi ya ku Chiponde, ulendo wa makilomita 50 ndi kanthu. Galimoto ikangotsirizira chigwa cha Shire imayamba kukwera mapiri a ku Chowe. Msewu wake ndi wokhotakhota, moti mayi wina yemwe adafungatira beseni la usipa adatseka maso mpaka pamwamba. Ukafika pamwambapo kutentha kwa kunyanja kumatsala m'mbuyo, kamphepo kayaziyazi n'kukulandira. Kenaka minda ya fodya, zigafa, mitengo ya mango, mpaka pa Namwera.

Chomwe chasintha mumsewu uno ndi nyumba. Kulikonse ungayang'ane n'mabuloko, malata abuluu, malata ofiira, mipanda yaitali, zina zotha, zina zolekera m'mawindo. Bambo wina yemwe ndidakhala naye mpando umodzi ankangoloza: "Iyo ndi ya Joni. Iyonso ya Joni. Iyo mwini wake adam'bweza asadatsirize." Aliyense wa ku Mangochi akudziwa kuti anyamata athu ambiri ali ku South Africa, ndipo umboni woti munthu sakungosewera kumeneko ndi nyumba ya malata kumudzi.

Pa Chiponde mpomwe msewu wa M3 umathera. Osintha ndalama amakuthamangira ndi mitolo ya makwacha ndi ma meticais, a kabaza akukuitanira ku Mandimba, tauni ya ku Mozambique yomwe ili makilomita ochepa tsidya la malire. Mumsika Chiyao, Chichewa ndi Chipwitikizi zimangosakanikirana. Ine ndidakwera njinga yamoto yopita kumudzi, dzuwa litapendeka.

Nyumba yake ndi iyi

Anganga ndidawapeza pakhonde akusola mtedza.

"Ali uli, anganga?" ndidapereka moni nditanjuta.

"Eee, amunanga abwera! Mwandibweretsera chiyani mkazi wanu?" adandiyankha monga momwe agogo amaserewulira ndi mdzukulu wamwamuna. Iwo amalankhula Chiyao, pano ndikungomasulira.

M'mawa mwake ndidatulutsa tepi ija, ana a m'mudzi akundiseka kuti ndasanduka wa boma.

Nyumbayi adamanga ndi malemu agogo aamuna mu 1975. Adali atangobwera kumene kuchokera kumigodi ya ku Joni, Kamuzu ataletsa Wenela kutsatira ngozi ya ndege ya ku Francistown mu Epulo 1974, pomwe Amalawi oposa 70 adafa ali paulendo wobwerera kumudzi. Poti kwathu n'kwa chikamwini, adaimanga kwawo kwa mkazi. Choncho mwini nyumba ndi anganga ndi mbumba yawo.

Ndi ya makona anayi, mamita 9 mulitali ndi 6 mulifupi. Yakhala pa chiundo chokwera kufika m'mawondo, kuti madzi oyenda pansi asafike pakhoma. Zipupa zake n'za zidina, zomangidwa ndi matope, zokhuthala moti mkono wanga kuyambira pachigongono mpaka kuzala umangokwanira ndendende. Kunja amazira ndi dothi la mitundu iwiri, lakuda la kudambo m'munsi, loyera pamwamba.

Khonde lazungulira mbali zonse zinayi, mita imodzi ndi theka kutambalala kwake. Ndidawerenga nsanamira 22, zonse za muwanga, iliyonse ili ndi mphanda pamwamba pomwe pagona mtanda. Muwanga chiswe chimaulephera. Nsanamira zitatu zokha ndi zomwe zidasinthidwapo, ndipo ukayang'ana umazidziwa, chifukwa n'za bulugamu ndipo zayamba kale kufumbwa.

Denga ndi lotsetsereka mbali zinayi. Mapaso ake ndi a mitengo ndi nsungwi, omangidwa ndi luzi. Ndidaunika ndi tochi kufunafuna msomali m'dengamo, sindidaupeze. M'kati muli pabalaza pakati, chipinda uku, chipinda uko. Kuseri adatseka mbali ina ya khonde kuti musungidwe makasu ndi mitsuko.

Koma chomwe mlendo amayamba kuona ndi chitseko. Ndi cha mlombwa, cha mbali ziwiri, chosemedwa timizeremizere ndi timaluwa m'mphuthu mwake. Pomwe anthu amagwira potsegula padachita kusalala ngati padzozedwa mafuta.

Masana dzuwa lili paliwombo ndidalowa m'nyumba ya malata ya amjomba, thukuta kamukamu. Nditabwerera mwa anganga mudali mozizira ngati mumtsuko. Palibe matsenga apa. Dothi lokhuthala limachedwa kutentha, udzu sulowetsa dzuwa, ndipo khonde limachititsa kuti khoma likhale pamthunzi tsiku lonse.

Musaganize kuti agogo adaonera kwa mzungu mamangidwe awa. Ayao adayamba kalekale kumanga nyumba za makona anayi chifukwa cha malonda omwe ankachita ndi anthu a kugombe la nyanja ya mchere, monga ku Kilwa. David Livingstone atafika ku Mwembe, mudzi wa mfumu Mataka m'chigawo chomwe lero ndi Niassa ku Mozambique, mu 1866, adalemba kuti mudziwo udali ndi nyumba zosachepera 1,000 ndipo zambiri zidali za makona anayi, motsanzira za kugombe. Chaka chimenecho kunalibe Blantyre, kunalibe Fort Johnston.

Khonde lomweli lili ndi mbiri yakenso. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itafika povuta m'zaka za m'ma 1980, anthu oposa 1 miliyoni adathawira m'dziko muno. Mayi akuti mabanja atatu ochokera cha ku Mandimba adagona pakhonde pano, atatchinga ndi mphasa, mpaka atamanga zisakasa zawo. Ena adabwerera kwawo mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992, ena adakwatira konkuno ndipo lero ndi abale athu.

Chipewa ndi nsapato

Usiku ndidaimbira msuweni uja kuti andifotokozere bwino za lamulo la kumeneko, ndipo zina ndidazifufuza ndekha.

Ku Mangalande adayamba kulemba nyumba zakale m'kaundula mabomba a nkhondo yachiwiri ya dziko lonse atawononga mizinda yawo. Malamulo a 1944 ndi 1947 ndi omwe adatsegula njira, ndipo lomwe likugwira ntchito kwambiri lero ndi la 1990. Bungwe la Historic England ndi lomwe limasunga kaundulayo, momwe muli nyumba ndi zomangidwa zina zoposa 370,000. Adazigawa m'magulu atatu: Grade I, Grade II* ndi Grade II. Mwa khumi zilizonse, zisanu ndi zinayi zili m'gulu lotsirizali, ndipo m'menemo ndi momwe mwadzaza nyumba za alimi, nkhokwe zawo ndi makola. Nyumba yomangidwa chisadafike chaka cha 1700, ngati sidasinthidwe kwambiri, kawirikawiri imalowa m'kaundula.

Nyumba ikalembedwa, boma sililanda ayi. Mwini wake amakhalabe momwemo, amaphika, amagona, akhoza kuigulitsa. Koma kugumula kapena kusintha maonekedwe ake popanda chilolezo ndi mlandu wa kukhoti.

Chomwe chidandidabwitsa n'chakuti mamangidwe ake si achilendo kwa ife. Nyumba zambiri zakale za alimi kumeneko ankaimika mitengo ikuluikulu, m'mipata mwake n'kuluka timitengo, kenaka n'kumata dothi losakaniza ndi udzu ndi ndowe. Iwo ali ndi dzina lake lachingerezi, ife timangoti nyumba yomata. M'dera la Devon muli nyumba zambirimbiri za dothi lokhalokha, zofananako ndi zathu za mdindo, zina zatha zaka mazanamazana. Amisiri a kumeneko amati khoma la dothi limangofuna chipewa chabwino ndi nsapato zabwino, kutanthauza denga lotulukira kunja ndi maziko okwera. Agogo anga sadapiteko ku Devon, koma khonde ndi chiundo chija ndi chipewa ndi nsapato zomwezo.

Umboni udaoneka mu Malichi 2023, nthawi ya namondwe wa Freddy. M'mudzi mwathu mudagwa nyumba zingapo za zidina, ndipo mayi akuti zonse zidali zopanda khonde, zomwe mvula ya mphepo inkamenya khoma mwachindunji mpaka kulisungunula m'munsi. Ya anganga idadontha, koma khoma silidanyowe.

Nanga kuno kwathu lamulo lilipo? Lilipo. Ndi la Monuments and Relics Act la 1990, chaka chomwecho ndi la anzathu aja. Limapatsa nduna mphamvu yolengeza kuti malo kapena nyumba yakutiyakuti ndi yotetezedwa, ndipo ikatero palibe woigumula kapena kuisintha popanda chilolezo. Mwa zotetezedwa muli zojambula za m'mapanga a Chongoni ku Dedza, tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre chomwe chidatha kumangidwa mu 1891, ndi nyumba ya Mandala.

Ya Mandala ndimaidziwa bwino poti ndimadutsapo. Idamangidwa mu 1882 kuti muzikhala akuluakulu a kampani ya African Lakes, ndipo dzinalo lidachokera ku magalasi a m'maso a John Moir. Ndi yosanja, koma njerwa zake zambiri n'zouma ndi dzuwa, zomangidwa ndi matope, ndipo yazunguliridwa ndi khonde. Mwamva? Zidina, matope, khonde. Yatha zaka zoposa 140 chifukwa sidasowepo woisamalira denga.

Linga la paphiri

Kufupi ndi kwathu kulinso malo otetezedwa ndi lamuloli: linga la Fort Mangochi, pa phiri la Mangochi cha ku Namwera. Ndidakulira m'tsinde mwa phirili koma ndidali ndisadakwereko. Manyazi bwanji! Tsiku lachitatu ndidati lero lokha ndikafike.

Phirili, lomwe nsonga yake ndi yotalika mamita 1,742, lili m'nkhalango yotetezedwa ya Mangochi. Nkhalangoyi idakhazikitsidwa mu 1924 ndipo kuyambira 2018 akuyang'anira ndi a African Parks pamodzi ndi malo osungira nyama a Liwonde. Mumayenda njovu, choncho sulowa chilowelowe, pamafunika wokuperekeza. Tidakwera maola awiri, ine wa m'tauni ndikupumira m'mwamba, wondiperekezayo akungoimba mluzu.

Pamwamba pali chidikha chachikulu, ndipo apa mpomwe padali mudzi wa mfumu Jalasi, yemwe azungu ankamulemba kuti Zarafi. Tisabise mawu: Jalasi, monga Makanjira, Mponda ndi Kawinga, adalemera ndi malonda a minyanga ndi akapolo. Harry Johnston atayamba kulamulira dziko lino m'dzina la Britain mu 1891 adalimbana nawo mafumuwa. Kumayambiriro kwa 1892 ankhondo a Jalasi adathamangitsa asilikali a atsamunda n'kuwalanda mfuti yaikulu. Koma kumapeto kwa 1895 Major Edwards adabwera ndi asilikali achi Sikh ochokera ku India pamodzi ndi asilikali achikuda, n'kulanda phirilo. Jalasi adathawira ku Mozambique. Ufumu wake ulipobe mpaka lero ku Namwera.

Lingalo lidakhazikitsidwa mu 1897. Pakati pa 1907 ndi 1910 lidali ndende, ndipo pankhondo yoyamba ya dziko lonse ankaphunzitsirako asilikali a King's African Rifles. Mu 2011 dziko lino lidaliika pa mndandanda wa malo okhudza malonda a akapolo omwe likufuna kuti bungwe la UNESCO lidzawavomereze kukhala chuma cha dziko lonse.

Ukafika umayamba kuona mpanda wa miyala, wokhuthala, wozungulira bwalo lalikulu. Miyala yake ndi ya paphiri pomwepo, yosanjidwa mwaluso, waukulu pansi, waung'ono kutseka mpata. M'kati muli mabwinja a nyumba za njerwa zootcha. Umatha kuona kuti apa padali khomo, apa windo, apa chipinda. Koma denga palibe ngakhale limodzi. Mvula imalowa pamwamba pa khoma, mitengo yamera m'zipinda, mizu yake ikukankha njerwa pang'onopang'ono ngati munthu wosafulumira.

Ndidakhala pamwala n'kumaganiza zinthu ziwiri. Choyamba, miyala yonseyi adasenza ndani? Major Edwards dzina lake lili m'mabuku, koma manja omwe adasanja mpandawu adali a anthu akuda, ndipo pakhomapo palibe dzina la mmodzi yemwe. Chachiwiri, mudzi wa Jalasi uli kuti? Nyumba zake zidali za mitengo, dothi ndi udzu. Palibe yomwe yaima. Wofuna kudziwa momwe Myao wa nthawi imeneyo ankamangira sangazione paphiripo. Angazione m'midzi ya m'tsinde, m'nyumba ngati ya anganga, zomwe tikugwetsa imodziimodzi.

Ndidatsikanso ndi phunziro lomwe silidandikomere. Lingali lili m'kaundula, lamulo likuliteteza, koma lamulo silifolera denga. Khoma la njerwa zootcha lopanda chipewa likutha, pomwe la matope la anganga lili bwinobwino chifukwa chaka ndi chaka wina amakwera pamwamba ndi mtolo wa udzu.

Mlandu pakhonde

Madzulo a tsiku lotsatira tidakhala pakhonde: anganga, mayi, amjomba omwe ndi mwini mbumba, ndi ine. Achimwene tidawaika pa sipika ya foni kuchokera ku Joni.

Ndidayamba ine, ndi sukulu yanga ya Fomu 4. Ndidafotokoza za Mangalande, za Devon, za Mandala, za Mwembe. Ndidaonetsa chithunzi chija. Amjomba adachiyang'ana nthawi yaitali.

"Mphwanga, mzunguyu udzu amam'gulira ndani?"

"Amagula yekha, mjomba."

"Basi ndi wolemera," adatero amjomba n'kundibwezera foni.

Sadaname. Kumeneko udindo wokonza nyumba yolembedwa m'kaundula umakhala wa mwini wake, ndipo amisiri ofolera udzu ndi ochepa komanso odula.

Kenaka achimwene adalankhula, mawu akudukaduka. "Iwe ukulemba nkhani ku Blantyre. Ine kuno ndikugona m'kachisakasa ka malata, anthu asanu chipinda chimodzi, ndikuthawa apolisi, kuti anganga asadzatchere beseni pamphasa mvula ikamagwa. Ukufuna adzafere m'nyumba yodontha kuti iwe uzijambula zithunzi?"

Ndidasowa choyankha. Ngakhale Kamuzu, yemwe ambiri adali naye mangawa, ankanena pamisonkhano kuti anthu ake akufunika chakudya, zovala ndi nyumba yosadontha. Palibe Mmalawi yemwe angatsutse chachitatucho.

Anganga adali chete nthawi yonseyi, akungosola mtedza wawo. Kenaka adaika lichero pansi.

"Amunanga, inu mumaikonda nyumbayi chifukwa mumabwera mwezi wa Juni. Bwerani mu Febuluwale. Kale udzu tinkamweta kudambo kuseriku, waulere. Lero dambo lonse ndi madimba, udzu n'ngogula, ndipo wake ndi waufupi. Kale amuna a m'mudzi ankabwera tsiku limodzi, ife n'kuphika thobwa, dzuwa likamalowa denga latha. Lero amunawo ali kuti? Onse ali ku Joni. Mutu umodzi susenza denga. Ine ndakalamba, ya malata ndikuifuna."

Mtima wanga udagwa. Koma adali asadatsirize.

"Koma iyi musaigwetse ine ndili moyo. Ana anga onse ndidawalerera muno, bambo awo tidawasambitsira muno. Malo alipo apo padali nkhokwe, pafupi ndi mango. Mangani pamenepo. Ndipo pulani yomwe mwatumiza ija ndaiona, ilibe khonde. Ine ndizikakhala pati? Alendo ndizikawalandirira kuchipinda? Ikani khonde."

Achimwene adadandaula kuti khonde lidya malata ena ndi simenti ina. Mabuloko okha adya kale ndalama zambiri, poti masiku ano njerwa zootcha zikuvuta: nkhuni zidatha, ndipo kuyambira 2018 boma lidaletsa njerwa zotere pa zomangamanga zikuluzikulu pofuna kuteteza mitengo. Koma mawu a anganga ndani angawabweze? Adavomera.

Ndimati mlandu watha mokomera ine, amjomba adanditembenukira.

"Tsono iwe wokonda zakale, tamvera. Ife ndalama zathu zipita ku nyumba yatsopano. Iyi ndi yako. Udzu ufike pano mwezi wa Seputembala usadathe, ndi ndalama ya wofolera. Chaka chino, chaka chamawa, chaka chinacho. Chaka chomwe udzalephere, tidzazula chitseko n'kukachiika ku yatsopano, zotsalazo mvula idzamaliza yokha."

Ndidavomera pamaso pa anthu, ndipo mayi adandiyang'ana ngati akuti mwanawe ukudziwa chomwe walonjeza? Titawerengera ndi amjomba, udzu, luzi ndi wofolera zikufuna malipiro a nkhani zisanu ngati ino. Akonzi, mwamvatu.

Zotsala m'kope

Sindikunena kuti Amalawi azigona m'nyumba zodontha kuti alendo azisangalala. Yemwe wapeza malata afolere, ndipo achimwene anga ndimawavulira chipewa. Komanso sindikuyembekeza kuti mawa nduna ibwera ku Chiponde kudzalengeza kuti nyumba ya anganga ndi yotetezedwa.

Chomwe ndaona n'chakuti anzathu aja adayamba ndi kulemba. Adatuma anthu m'midzi kukayang'ana nyumba imodziimodzi n'kulemba kuti khoma n'lotere, denga n'lotere, idamangidwa liti. Nyumba ya anganga siili m'buku lililonse, ndipo mmisiri yemwe adasema chitseko chija palibe akumukumbukira dzina, ngakhale anganga amene. Amangoti adali bambo wina wochokera tsidya la malire.

Kulemba sikufuna nduna. Inu amene muli ndi agogo ku Katuli, ku Makanjira, ku Ntaja kapena kwina kulikonse, mukapita kumudzi tengani tepi ndi kope. Yezani, jambulani, funsani kuti adamanga ndani, mitengo yake ndi yanji, dothi adakatenga kuti. Funsani eni ake akadali moyo. Ndipo mukamatumiza pulani ya nyumba yatsopano kuchokera ku Joni, musaiwale khonde.

Ine kope langa ladzaza masamba 14. Muli miyeso yonse, nsanamira zonse 22 ndi chithunzi cha chitseko chomwe ndidajambula ndi pensulo, chokhota pang'ono. Tsiku lonyamuka anganga adandipatsa kathumba ka mtedza n'kundiperekeza mpaka pa mango paja, pomwe amisiri adali atakhoma kale zikhomo ndi kukoka chingwe.

"Amunanga," adatero, "udzu wabwino umatha msanga pamsika. Musadikire Seputembala."